Dzanja la Lamonte Pamsana pa Orrin

Panali munthu wina dzina lake Lamonte Pettaway, katswiri wothamanga ndi mpira mu timu ina yaikulu ya kuno ku America. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ankachapa mayunifomu a timuyo, ndipo analumbira kuti zonse anaziona ndi maso.

Pa mpira wathu uno wa ku America, womwe amathamanga nawo uli m'manja, wothamanga safika patali payekha. Kutsogolo kwake kumaima zimphona zisanu, ntchito yawo kukankha adani kuti patseguke mpata. Mmodzi mwa asanuwo anali Orrin Wojcik, bambo wa khosi ngati la ng'ombe, yemwe anamutsegulira njira Lamonte kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Akangolandira mpira, Lamonte ankaika dzanja lamanzere pamsana pa Orrin n'kumamutsata. Msanawo ndi umene unkamuuza kolowera.

"Usandipitirire, mphwanga," ankatero Orrin. "Dikira pang'ono. Chitseko satsegula ndi mutu."

Lachinayi lililonse zimphonazo zinkakumana kwa Orrin, kudya nthiti za nkhumba zootcha uku zikuonera kanema wa timu yodzasewera nayo Lamlungu. Wothamanga nayenso ankakhalapo, ndiwo mwambo wake. Kudziwana kwawo konse kunkachokera patebulo limenelo.

Kenako kunatulukira mlendo wa suti yonyezimira, Dexter Vann, wodzitcha mlangizi wa akatswiri.

"Iwe ndiwe mphezi, aise," anatero. "Chimkulu chijachi, Orrin, chikungokuchedwetsa. Anthu amabwera kudzaona iwe kapena mimba yake?"

Lamonte anakomedwa. Anaiwala kuti ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Za Lachinayi zija anasiya. Tsiku lina timu itagonja, atolankhani atamuzinga, anayankha mwamatama:

"Liwiro ndili nalo. Koma ndithamanga bwanji kutsogolo kwanga kuli agogo?"

Eni timu anamva. Nyengo ya masewero itatha, Orrin anachotsedwa pamodzi ndi anzake awiri, m'malo mwawo n'kubwera achinyamata. Orrin sanadandaule. Analongedza katundu wake n'kubwerera kwawo.

Achinyamatawo mphamvu anali nazo, koma sankadziwana. Lachinayi aliyense ankadyera kwake. Pabwalo, wina akukankhira kumanja, mnzake kumanzere. Lamonte nayenso anali atasiya kudikira, ankangodziponya pakhoma la adani mpata usanatseguke. Ankangosuntha ndi mpira yadi imodzi, sitepe imodzi chabe. Mayadi awiri. Pena kubwezedwa m'mbuyo kumene. Ochemerera omwe ankaimba dzina lake anayamba kumukuwiza, ndipo pa wailesi anthu ankakangana kuti kodi timuyi yatani. Dexter uja foni anasiya kuyankha.

Koma chomwe chinkamupweteka kwambiri si kukuwizidwako. Akalandira mpira, dzanja lake lamanzere linkatambasuka lokha kufunafuna msana uja, n'kungogwira mphepo. Anamusowa Orrin, kumusowa kwenikweni. Ankalakalaka ngakhale fungo la utsi wa nthiti zija.

Kochi anamuitana. "Atsala masewero atatu, Lamonte. Zikapanda kusintha, malo ako ndipereka kwa wina."

Lachiwiri, tsiku lopuma, Lamonte anayendetsa galimoto maola anayi m'chipale chofewa mpaka kwawo kwa Orrin. Anamupeza kuseri kwa nyumba akuotcha nyama, atatsamira ndodo.

"Taonani!" anaseka Orrin. "Mphezi yabwera kudzazonda agogo."

"Achimwene, ndinalakwa. Bwererani. Kochi ndikamugwadira, eni timu ndikawagwadira."

Orrin anapinda buluku n'kumuonetsa zipsera ziwiri zazitali.

"Mawondo awa ndi achitsulo tsopano, mphwanga. Enieniwo ndinawathera pa iwe, ndipo sindidandaula. Ukudziwa chomwe ndinapempha kwa eni timu? Chaka chimodzi chokha, choti ndiwaphunzitse anawo kayendedwe kako ndisanapume. Anali atatsala pang'ono kuvomera. Sabata yomweyo iwe n'kulankhula zija."

Orrin anatsitsa buluku n'kumulozera mpando.

"Basi, khala pansi udye. Waonda ngati wothamanga weniweni."

Anadya. Potsanzikana, Orrin anati amuperekeze kugalimoto, koma pansi panali poterera ndi madzi oundana ndipo ndodo sinkagwira. Anatambasula dzanja lake lalikulu lija n'kuliika pamsana pa Lamonte.

"Tsogola," anatero. "Koma usandisiye. Dikira pang'ono."

Lamonte anayenda pang'onopang'ono, misozi ili mbwembwembwe. Aka kanali koyamba kumva kulemera kwa munthu amene akukudalira kumbuyo.

Atabwerera, anayesetsa. Anaitana achinyamata aja Lachinayi, anagula nthiti, pabwalo anadikira. Koma zomwe zinamangidwa zaka zisanu ndi chimodzi sizimangika masabata atatu. Mpata sunatseguke. Lolemba lotsatira masewero omaliza, foni inalira.

"Kochi akukufuna ku ofesi. Ubwere ndi buku la maseweredwe."

Wosewera aliyense amadziwa kuti buku likaitanitsidwa, ntchito yatha. Palibe timu ina yomwe inamutenga.

Akuti masiku ano Lamonte amapita kwa Orrin Lachinayi lililonse, maola anayi kupita, anayi kubwerera, ndipo sanajombepo. Amaonera limodzi timu yawo yakale ikulephera kupeza mayadi atatu. Wothamanga watsopano akalandira mpira pa kanemapo, dzanja lamanzere la Lamonte limanyamuka lokha pampando. Orrin amaliona.

Phunziro: Pali munthu amene amakankha khoma kuti iwe udutse, ndipo dzina lake siliimbidwa. Usamunyoze chifukwa mlendo wakuuza kuti ndiwe mphezi. Mlendoyo adzathawa, ndipo pomwe uzidzati ndikapepese, mawondo a mnzakoyo adzakhala atatha. Muthokoze lero akadali chilili. Tumizani nkhaniyi kwa amene anakutsegulirani njira, komanso kwa mnzanu amene wayamba kuiwala msana womwe ankagwira.