Mlongo Amene Anatsegulitsa Matumba a Zipsepse

Panali munthu wina kwathu kuno ku Galicia, m'dziko la Spain, dzina lake Xurxo. Ankayendetsa boti lopha shaki, nsomba zikuluzikulu za m'nyanja yamchere, limene bambo ake pomwalira anasiyira iye ndi mlongo wake wamkulu, Sabela. Xurxo ankapita kunyanja, Sabela ankagulitsa nsomba kumtunda.

Lamulo la kuno aliyense amalidziwa: ukapha shaki uzibwera nayo yathunthu, zipsepse zili pathupi. Kudula zipsepse n'kutaya nsombayo m'madzi ndi mlandu. Koma chaka chimenecho anthu a m'mizinda ankafuna kuti malonda a zipsepse aletsedwe kotheratu. Ankati shaki zikutha chifukwa cha supu wa zipsepse amene amadya anthu olemera akutali, ndipo msika ukakhalapo akuba sadzasowa. Asodzi ankayankha kuti iwo saononga kanthu, nyama yonse imadyedwa, nanga chipsepse cha nsomba yofa kale achitayirenji? Pamisonkhano, amene ankawaimira molimba mtima anali Sabela.

Tsiku lina m'bala ya padoko munalowa mlendo wotchena, wodzitcha Renato. Anamugulira Xurxo vinyo, n'kumuuza kuti nyama ya shaki imangodzaza boti pachabe, phindu lili m'zipsepse. Anati lamulo latsopano likangodutsa msika utsekeka, ndiye wanzeru akolole panopa. Analonjeza kuti galimoto yake idzadikira padoko, palibe adzaone.

Xurxo anakamutchulako mlendoyo kwa mlongo wake. Sabela anafunsa kumene munthuyo akuchokera ndi amene anachitapo naye malonda. Xurxo anati sakudziwa.

"Munthu wosadziwika kwawo amakusiya pamoto, iwe," anatero Sabela. "Usayerekeze."

"Achemwali, inu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe," Xurxo anaseka.

Ulendo wotsatira nsomba zinakodwa bwino. Malo osungira atadzaza, Xurxo analamula kuti mbedza ziponyedwenso, shaki zotsalazo azingozidula zipsepse. Eladio, mkulu wa antchito, amene anakalambira m'botimo kuyambira nthawi ya bambo awo, anapukuta mpeni wake n'kuuika pansi. Anzake onse anachita chimodzimodzi. Xurxo anawanyoza, kuwafunsa ngati anasanduka ansembe.

"Bwana, titumeni china chilichonse," anatero Eladio. "Koma izi muchite nokha."

Anachitadi yekha. Shaki zinkabwerera m'madzi zili zamoyo, zikuphiriphitha, n'kumira. Antchito anamufulatira, ndipo pachakudya palibe amene anakhala naye pafupi. Matumba a zipsepsewo anawakwirira pansi pa ayezi.

M'mawa umene ankalowa padoko, anapeza zimene sanayembekezere. Panali khamu: atolankhani, oyendera nsomba a boma, ngakhale aja ofuna kuti malondawa aletsedwe, pamodzi ndi mayi wina amene ankawatsogolera. Sabela ndiye anawaitana, kuti adzaone okha mmene boti la banja lake limatsitsira shaki zathunthu. Xurxo anayang'anayang'ana galimoto ija, osaiona. Anamuimbira Renato, foni inali yozima.

Sabela atakwera m'boti, Xurxo anamukokera pambali n'kuulula zonse. Anamuchonderera kuti akanamize alendowo kuti makina otsitsira katundu afa, abwerenso mawa.

"Ndine mlongo wanu, achemwali. Musandigulitse."

Sabela anamuyankha misozi ili lengelenge.

"Ndiwe mlongo wanga, n'chifukwa chake matumbawo ukatulutsa wekha. Sindilola kuti achite kukufukula ngati mbewa."

Xurxo anatsika nawo limodzilimodzi, mutu uli pansi, n'kuwamasula pamaso pa anthu. Sabela anaima pambali pake nauza khamulo kuti anawaitanira zabwino koma apeza zoipa, ndipo zoipazo zachitika m'boti lake. Anati alembe zimene aona, koma alembenso kuti amuna onse a m'botimo anakana kugwira mpeni, ndiponso kuti palibe wapolisi amene watulutsa matumbawo.

Mlandu unali wowawa. Xurxo analandidwa chilolezo choyendetsa boti, banjalo linalipira chindapusa chachikulu, botilo linamangidwa padoko nyengo yonse. Renato sanaonekenso. Asodzi ena anamukwiyira Sabela, ati wawapatsa adani ndodo yotimenyera, poti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Iye anawayankha kuti yoolayo amaichotsa, saiphimba ndi ayezi. Patapita miyezi, omwe ankamunyozawo anagwirizana kuti boti lililonse la padokopo lizitsitsa nsomba poyera, aliyense wofuna kuona aone. Ngakhale mayi amene ankatsogolera ofuna chiletso uja anabwera kudzamugwira chanza. Za lamulo sanagwirizane, ndipo mkanganowo mpaka lero ukadalipo, koma mayiyo anasiya kuwatchula asodzi onse kuti akuba.

Xurxo anapeza ganyu yonyamula mabokosi pamsika wa nsomba. Kwa nthawi yaitali sankaponda pakhomo pa mlongo wake, akakumana ankangogwedezerana mutu.

Tsiku lina wogula nsomba wochokera kutali anaona Sabela akudutsa, n'kufunsa mokweza ngati ameneyo ndi mayi uja anapereka mlongo wake. Pamsika ponse maso anali kwa Xurxo. Iye anatula bokosi, n'kumuyandikira munthuyo.

"Amenewo ndi achemwali anga, bambo. Mukamawatchula muzivula chipewa."

Phunziro: Mlendo wa pakamwa potsekemera amathawa zinthu zikavuta, manyazi n'kutsala ndi iwe ndi anthu akwanu. M'bale wokukonda sakubisira choipa, amaima pambali pako pamene ukuchiulula. Uthengawu usathere m'foni mwanu, atumizireni anzanu, makamaka amene akunyengereredwa kuchita zachidule.