Buku la Buluu la Eliness

Mayi Dinah anafika pa Chipyela thukuta lili kamukamu, zala zikununkhabe utsi. Njira yonse yochokera kumudzi kwawo ku Yofu, mbali ina ya chilumba, sanapereke moni kwa munthu, ngakhale kwa anzawo a kwaya. Mtima unali ukuwira.

Anaima pazenera la kachipinda ka kuseri kwa golosale ina. M'menemo ndi momwe mabanja anayi a ku Congo ndi ku Burundi ankasonkhanitsira ana awo Loweruka lililonse kuti aphunzire Chifalansa, nyimbo ndi magule akwawo. Ana asanu ndi mmodzi, mabenchi awiri, bolodi lobenthuka pakona. Ati sukulu! Mphunzitsi wake, a Faustin, analibe n'komwe mabuku ogula. Kholo lililonse linkalembera mwana wake buku pamanja, mwanayo n'kumawerenga ndi aphunzitsi tsamba limodzi pa sabata.

Pa benchi yakumbuyo panali mdzukulu wa Mayi Dinah, Eliness, wa zaka zisanu ndi zitatu. Mphumi, kayendedwe, mpaka kampata ka pakati pa mano, zonse zinali za Cyril. Cyril anali mwana wawo yekhayo. Anapita ku Lubumbashi kukayendetsa mathiraki, n'kubwerako ndi mkazi dzina lake Solange, amene anadzabala Eliness, ndipo chaka chatha Cyril anaikidwa m'manda. Chimene chinatsala cha Cyril padziko lino ndi kamtsikana kameneka basi.

Ndiye wina afune kukatenga?

Mwambo wa pachilumba ankaudziwa bwino: mwana ndi wa kwa mayi ake. Iwo eni anauimirira mwambowo kalekale, pamene abale a malemu amuna awo ankafuna kutenga Cyril. Lero mwambo womwewo unali utawatembenukira, ndipo zimenezi ndi zomwe zinkawapsetsa mtima koposa.

Umboni anali ataupeza m'mawa womwewo. Solange atalawirira kumsika kukaluka tsitsi makasitomala ake, tsache la Mayi Dinah linagunda sutikesi kunsi kwa bedi. Yolongedza kale. Zitenje za Solange, nsapato, pasipoti, chithunzi cha ukwati. Anafufuza mpaka pansi, koma sanapezemo ndi kadiresi kamodzi komwe mwa madiresi onse amene anasokera Eliness pa makina awo. Ngakhale ka pa Pasaka kaja, kamene anakasoka maso akuwawa. Kani zosoka za ku Yofu n'zochititsa manyazi ku Lubumbashi?

Pamphasa ya mwanayo panali buku lokhuthala la chikuto cha buluu. Miyezi iwiri yathunthu Solange ankangoti akapeza mpata, mutu m'bukumo, kulemba. Mayi Dinah sadziwa Chifalansa, koma maso ali nawo. Pamwamba pa tsamba lililonse panali dzina la Eliness, ndipo apa ndi apo mawu akuti Lubumbashi. Anafunikanso womasulira? Mwana ankamuphikira ulendo iwo ali pompo, akudya mbale imodzi.

Analiponya pambaula. Linavuta kupsa, koma analitokosa ndi kamtengo mpaka linasanduka phulusa. Eliness atabwerako kotunga madzi analifunafuna akulira. Agogo ake anangopitiriza kusesa, ngati sakumva.

Tsopano pazenerapo anaona ana onse ali ndi mabuku pamiyendo, kupatula Eliness, amene maso ake anali psuu. Chisoni chinawagwira pang'ono, koma anachimeza. Mankhwala owawa ndi amene amachiza.

Anawo atayamba nyimbo yawo yopinda lilime ija, Mayi Dinah analowa osaodira.

"Takulandirani, amayi," anatero a Faustin, choko chili m'manja.

"Musandilandire ine. Iwe Eliness, nyamuka!" Anamugwira padzanja. "Uyu ndi mwana wa ku Yofu. Mchombo wake tinakwirira kuseri kwa nyumba yanga. Chifalansa chanucho muziphunzitsana nokhanokha."

Nyimbo inaduka. Solange, atamva phokosolo, analowa akuthamanga kuchokera kumsika, chipeso chili m'tsitsi, manja ali noninoni ndi mafuta. Anagwada pakhomo monga ankachitira masiku onse.

"Amama, kwagwanji?"

"Usandinamize ndi maondo ako!" Chibwerereni mkaziyu pakhomo pawo, aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe. "Sutikesi ndaiona. Unadya nsomba zanga, unagona m'nyumba mwanga, mwana wanga wafa, lero ufuna undibere mdzukulu ngati mbava? Unkati ndidzamva sitima italira kale?"

Anthu a pagolosale anali atadzaza pazenera. Mayi Dinah sanasamale. Amve ndithu, adziwe njoka imene ankaweta.

Solange sanadzuke. Anapukuta manja pachitenje, n'kuyang'ana mwana wake, kenako apongozi ake.

"Ndimafuna ndikuuzeni mawa tikaweruka ku tchalitchi. Mayi anga kwathu afa ziwalo, alibe wowasamala. Ndinyamuka ndi sitima ikubwerayi, ndipo sindikudziwa kuti ndidzabwera liti."

"Ndiye mwanayu akakhale wotaya mikodzo ya odwala?"

"Ndikupita ndekha, amama. Munataya kale Cyril, sindingakulandeninso Eliness. Chimene ndikupempha n'choti muzibwera naye kuno Loweruka, asadzaiwale chilankhulo cha mayi ake." Anatembenukira kwa mwanayo. "Eliness, apatse aphunzitsi buku lija. Ndakulembera makalata okwanira chaka chonse, uziwerenga imodzi sabata iliyonse mpaka ndidzabwere."

Eliness anayang'ana agogo ake. Mayi Dinah anamusiya dzanja, ndipo pamkono pa mwanayo panatsala zidindo zinayi za phulusa.