Kemisitiri ya Loweruka

Dalaivala wa thankala ya mafuta anapukuta tebulo n'kuikapo makapu awiri. M'kachipinda kake ka lendi, kapu yachiwiri inkagwira ntchito Loweruka lokha, tsiku limene mwana wake wamkazi ankabwera ndi mafunso a kemisitiri.

Chisiyanirane bamboyo ndi mkazi wake, mwanayo ankangomupatsa moni wa pafoni, wouma gwa. Kenako tsiku lina anangotulukira pakhomo, buku kukhwapa.

"Adadi, inu mumanyamula mafuta. Kodi petulo ndi dizilo amazilekanitsa bwanji?"

Mkuluyo pa zamafuta ankangodziwa fungo ndi chiwongolero basi. Koma akananena zoona, mwana akanabweranso? Anakagula buku lakutha pamsika, n'kumaliwerenga paliponse waimika galimoto, anzake akumuseka kuti sukulu yamugwira imvi zili mbuu.

Loweruka ili anafotokoza ngati mphunzitsi weniweni. Mafuta akuda amawatenthetsa, nthunzi yake n'kulowa munsanja yotentha pansi, yozizirira kumwamba. Gasi ndi petulo, poti sizichedwa kuwira, zimakwera pamwamba. Palafini ndi dizilo zimatsalira pakati, phula n'kukhala pansi. Mafuta olemera akachuluka amawaswa ndi moto waukali, mamolekyu aatali n'kuduka, patuluke petulo wina.

Mwanayo ankangogwedeza mutu, tiyi akumwa pang'onopang'ono.

"Mayeso omaliza a kemisitiri ndi Lolemba, eti?" anafunsa bamboyo.

Mwanayo anayang'ana m'kapu. "Eya, adadi."

Atamuperekeza, mkuluyo anakhala pabedi, mtima ukuwawa. Mayeso akatha, mafunso nawo atha. Mtsikana wamkulu chonchija angadzafunenso chiyani m'kachipinda konunkha dizilo? Kusungulumwa kuja ankakudziwa bwino, ndipo sankafuna kubwererako. Anameza manyazi, n'kuimbira foni mayi a mwanayo, amene anali atasiya kulankhulana nawo kalekale.

"Pepani kukuvutitsani. Ndimati mumuuze mwana asasiye kubwera akalemba kemisitiri Lolembali. Ngakhale kungodzandiona chabe."



"Kemisitiri yake itinso?" anafunsa mayiwo. "Mwana wanu anaisiya kalekale, salemba nawo n'komwe. Bukulo amachita kubwereka kwa mnzake akamabwera kwanuko."