Mkonono wa Pampando Wakumbuyo

Panali munthu wina, mwini galaja, yemwe ankagwira ntchito ndi mng'ono wake. Mng'onoyo anthu ankangomutchula kuti Sipanala, chifukwa panalibe bawuti yomwe inkamukanika. Koma m'mikono mwake munali zipsera za jakisoni zokhazokha. Mankhwala ozunguza bongo otchedwa heroini anali atamulowa m'magazi.

Mkulu wakeyo analankhula mpaka malovu kuuma, poopa kuika m'manda mwana wa mayi ake. Pomaliza Sipanala anavomera kuti Lolemba apitira limodzi kuchipatala kukayamba chithandizo.

Lachisanu kunabwera kasitomala wachilendo, wothyathyalika pakamwa, n'kumupeza Sipanala akuwodzera sipanala ili m'manja.

"Aise, heroini wakoyo uzimuphatikiza ndi mankhwala ena otchedwa mefi mu jakisoni mmodzi," anatero mlendoyo monong'ona. "Wina amagonetsa, wina amadzutsa, ndiye amafafanizana."

Mwini galaja anazimva, ndipo mlendo atachoka anamuitana mng'ono wake.

"Iwe, makaniko wathunthu ungamvere zimenezo? Unaonapo galimoto ikuyenda bwino munthu ataponda mafuta ndi buleki nthawi imodzi?"

"Achimwene, inu zanu ndi mainjini. Thupili ndi langa, ndimalidziwa."

Loweruka m'mawa Sipanala anagwira ntchito ngati wamisala: magalimoto atatu dzuwa lisanafike pamutu, thukuta kamukamu, mano akukukutika. Masana anazemba pang'ono kukadzibayanso zophatikiza zija, atabwerako anakagona pampando wakumbuyo wa galimoto ina n'kuyamba kuliza mkonono wolemera. Anzake anaseka kuti injini yathothoka ekizozi.

Kunena zoona, mkulu wake anasangalala. Kwa iye wogona ndiye anali pabwino.

"Musiyeni apume, wagwira ntchito lero," anatero. Anazimitsa wailesi, analetsa kumenya hamala, mpaka anamutsitsira galasi kuti mphepo izimupita. Mkonono utaleka, anati tsopano tulo tafika penipeni.

Mwini galimoto atabwera kudzaitenga, mkuluyo anapita kukadzutsa Sipanala. Anamugwedeza kawiri, katatu. Milomo inali itada bii, dzanja lili zii.

Kuchipatala adokotala sanapite m'mbali.

"Bambo, mankhwala awiriwa safafanizana. Mefi amathamangitsa mtima, heroini amachepetsa kupuma. Mefi amaphimba tulo, ndiye munthu samva kuti wapyola muyezo, amangowonjezera. Kodi analiza mkonono?"

"Eya, pafupifupi ola lathunthu."

"Sitinali tulo timeneto, mpweya umamuthera. Mukanabwera naye nthawi imeneyo, mankhwala omutsitsimutsa tinali nawo."

Bambo uja anakhala pansi pompo, mtima utasweka. Iye yemwe ndi amene analamula kuti pagalaja pakhale bata.

Lolemba lomwe anapangana zopita kuchipatala ndi lomwe anamuika Sipanala m'manda. Mpaka lero, wantchito akangoliza mkonono pa nthawi yopuma, bamboyo amasiya chilichonse n'kukamugwedeza. Amalolera kudandaulidwa.

Phunziro: Mapoizoni awiri sachizana, amathandizana kupha. Munthu wobaya mankhwala ozunguza bongo akayamba kuliza mkonono wachilendo ndipo sakudzuka mukamugwedeza, musati wangogona, thamangirani naye kuchipatala. Tumizirani ena uthengawu lero, mwina wina ali ndi Sipanala wake kunyumba.