Mapilo Atatu a Dokotala Prokop

"Vulani chipewacho, Wendell. Tikupita ku ukwati wa mwana wathu, osati kunkhondo," anatero Marlys, manja ali pachiwongolero.

Mwamuna wakeyo, Dokotala Prokop, sanatekeseke. Anakhala pampando wakumbuyo atavala chipewa cholimba cha anthu a njinga zamoto, pachifuwa atadzimangirira mapilo atatu.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikupima mitembo ya anthu a ngozi zapamsewu muno mu Duluth," anayankha. "Onsewo chinawatenga ndi mutu kapena chifuwa. Womwalira ndi chigongono sindinamuonepo ine."

"Ndiye mukalowa m'tchalitchi ndi mkwatibwi mukuoneka ngati matiresi?"

"Matiresi amoyo, mayi."

Asanatseke n'pakamwa pomwe, gwape anadumphira mumsewu. Marlys anaponda buleki, galimoto inaterereka pamadzi oundana n'kukaima m'ngalande. Wendell anauluka, nadutsa pakati pa mipando, nkhope n'kukamenya wailesi.

Mayi wa ambulansi atafika anamupima mofatsa.

"Mutu uli bwinobwino, adokotala. Chifuwanso chilibe vuto. Kungoti mano awiri akutsogolowa apita. Koma lamba wapampando munamanga?"

Wendell anatembenuzira maso kumitengo.

"Akanamanga bwanji?" anamuyankhira Marlys, yemwe analibe ngakhale kabala, uku akukonza tsitsi pagalasi. "Ayesa kawiri konse tikunyamuka. Lambayo amathera pa pilo wachiwiri."

Ku ukwati anafika nthawi yake. Pa zithunzi zonse za tsikulo, bambo a mkwatibwi okha ndi amene sakumwetulira.