Kachingwe ka Arsenio

"Musadule, adokotala," anatero mayi a mwana wodwalayo.

Tiyamike anaimitsa sizasi m'malere. Udokotalawo anali akuuphunzira kumene, ndipo namwino wa usiku anali atatanganidwa ndi mwana wina kumapeto kwa wodi.

Arsenio, mwana wa zaka zinayi, anali atakomoka ndi malungo ali pa kabaza kuchokera ku Muloza. Mtsempha wokhawo umene unkaoneka unali kunsi kwa kachingwe kakuda ka pamkono pake.

"Anamumanga ndi malemu bambo ake," anatero mayi a mwanayo.

Tiyamike anabweza sizasi m'thumba. Anagwada n'kuyamba kumasula mfundoyo ndi zikhadabo, mtima uli m'mwamba, poti inali itauma gwa. Itamasuka, anamangirira kachingweko kumwendo kwa mwanayo. Singano inalowa kamodzi kokha, diripi n'kuyamba kudontha.

Kunja kukuyera, othyola tiyi akudutsa mumsewu ndi madengu kumsana, Arsenio anatsegula maso.

"Amayi, ndikufuna chinangwa."

Mayiwo anaseka atatseka pakamwa ndi chitenje. Tiyamike anakhala pamphepete pa bedi, miyendo ikuwawa, koma tulo analibe.

A Namakhwa, dokotala amene ankamuphunzitsa, anafika kudzaona odwala. Atavundukula bulangete anaona kachingwe kaja.

"Nanga ichi wachisiya ndani?"

"Ndamanga ndine," anayankha Tiyamike.

A Namakhwa anawerama n'kugwiragwira mfundoyo. Inali ija yosokera mabala, imene Tiyamike ankailephera sabata yonse.

"Tsopano mwaitha," anatero, n'kupita pa bedi lina.