Nsanje ya Achinkuza

Panali munthu wina, dalaivala wa bungwe lachifundo lomwe linkayendayenda kupima amayi khansa ya m'mawere kwaulere. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo ine ndikamaifotokoza mtima umandiwira.

Ntchito yake inali kunyamula tenti, mipando, manesi ndi dokotala, koma poti mkuluyu anali wolongolola, anam'patsanso chinkuzamawu. Akaimika galimoto pamsika ankafuula kuti amayi asachite manyazi, kuti chotupa chosapweteka si chochinyozera, kuti azibambo asamaletse akazi awo. Anthu mpaka anamutcha Achinkuza. Pali amayi amene ali moyo lero chifukwa cha mawu akewo, apo pokha tisamunamizire.

Tsiku lina mkazi wake, akumusitira yunifolomu, anamuuza kuti posamba wapeza kambulu kolimba m'bere lakumanzere, ndipo akufuna mawa lake akwere nawo galimoto akapimitse. Achinkuza nkhope inagwa. Ankadziwa mmene zimayendera kutentiko: nesi akapeza chotupa, mayiyo amalowa kuseri kwa katani kuti dokotala akamuone. Ndipo dokotalayo anali mnyamata amene iye ankakhala naye kutsogolo kwa galimoto tsiku ndi tsiku, akuseka ndi kukangana za mpira.

"Mnzanga wa kuntchito azikagwira mawere a mkazi wanga, mawa n'kumadzandipatsa moni ndi manja omwewo? Zimenezo ayi, mayi. Ndidzakuperekezani kuchipatala chachikulu ndikapeza tchuthi."

Mayiwo anati angathe kupita okha. Iye anakana, ati kumenekonso kwadzaza madokotala aamuna, ndipo mkazi savula mwini wake palibe. Mwini wake, ngati akunena njinga. Anawonjezera kuti iye wakhalitsa pa ntchito ya khansayi, ndiye akudziwa kuti kameneko ndi kamtsempha chabe, kaphwa kokha. Tangoganizani, munthu woti chimene anaphunzira ndi kusintha magiya.

Tchuthi chinabwera, iye anachithera pa maliro a anzake ndi kukonza denga. Kambulu kaja kanakula, khungu linayamba kukwinyika, mayi anasiya kugonera mbali imeneyo. Achinkuza ankaona zonsezo, koma tsopano nsanje inali itasanduka mantha: mabwana akamva kuti wofalitsa uthenga wasunga wodwala m'nyumba miyezi yonseyi, nkhope akaiika pati? Ankangogula mankhwala opha ululu pagolosale, m'mawa n'kuvala malaya a bungwe, ulendo wokalalikira akazi a eni. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Amene anaulula ndi mkulu wake wa mayiwo. Anabwera kudzacheza n'kupeza mng'ono wake akulephera kukweza dzanja kuti avale bulauzi. Pomuthandiza anaona bala litaphulika, atalimata ndi kansalu. Sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anamukweza galimoto ya hayala mpaka kuchipatala, ndipo Achinkuza anawapeza komweko, akadali mu yunifolomu.

Atawapima zonse, madokotala ananena mosabisa kuti matenda afalikira m'mafupa ndi m'mapapo, opaleshoni siingathandizenso, chatsala ndi kuwachepetsera ululu. Atafunsa chimene anachedwera chonchi, mkulu wa wodwalayo ndiye anayankha.

"Afunseni alamu angawa. Galimoto yopima khansa imagona pakhomo pawo."

Bungwe lija silinawataye. Linatumiza mankhwala amphamvu, matiresi ofewa ndi chakudya cha ana, ndipo linalamula kuti dokotala azipita kunyumbako kukatsuka bala. Dokotala wake anali yemwe uja, ndipo womunyamula anali Achinkuza. Ankaima pambali pa bedi atagwira beseni, akuona mnzakeyo akupukuta mafinya ndi thonje pabere lomwe lija, mosamala ngati akusamalira mayi ake omubereka. Mnyamatayo sanamukalipire, ndipo zimenezo zinkamupweteka koposa kutukwanidwa. Tsiku lina akubwerera dokotalayo anangomuuza kuti akanamunong'oneza poyamba pomwe, akanaitana dokotala wachizimayi kuti adzawaone mayiwo, inali nkhani ya kuimba foni basi. Achinkuza anaimika galimoto pambali pa msewu, analephera kuyendetsa.

Mayi ataona kuti mphamvu zikutha, anaitanitsa mwamuna wawo pamodzi ndi mwana wawo woyamba, mtsikana wamkulu ndithu, yemwe madokotala anati naye azidzapimitsa kawirikawiri chifukwa matendawa nthawi zina amayenda m'banja. Achinkuza analowa akulira, dzanja lili paphewa pa mwanayo, n'kuyamba kupepesa. Mayi anamudula.

"Misozi yanuyo sungani, abambo. Ine ndinakumverani poti ndinu amuna anga, mphoto yake ndi iyi. Mwanayu akadzakwatiwa, inu ndi amene mudzakhazike pansi mwamuna wake, mudzamuuze ndi pakamwa panu kuti munandiletsa kukapimitsa chifukwa cha nsanje."

Mtsikanayo anali asanamvepo zimenezi. Ankakhulupirira kuti matenda anangobwera mobisala, monga mmene bambo ake ankauzira anthu odzazonda. Anachotsa dzanja lawo paphewa pake n'kukakhala pabedi pafupi ndi mayi ake. Mwezi usanathe mayiwo anamwalira.

Phunziro: Thupi la mkazi wako si katundu wako, ndipo nsanje siinachizepo munthu. Azibambo, mkazi akakuuzani kuti wapeza chotupa, nyamukani naye tsiku lomwelo. Amayi, pa nkhani ya moyo wanu musadikire chilolezo cha wina aliyense, pitani mukapimitse, ndipo ngati mukufuna dokotala wachizimayi, nenani. Uthengawu usathere pafoni yanu, tumizirani ena, makamaka azibambo aja odziwa kulangiza akazi a anzawo.